Kusintha pulogalamu ya injini ya dizilo: mphamvu imawonjezeka, koma amalipira ndani?

Munthu akagula galimoto yatsopano ya dizilo, sipapita nthawi asanamve kuti pali akatswiri amene angaiwonjezere mphamvu popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi. Amangolumikiza kompyuta, n'kusintha manambala ena, ndipo galimotoyo imayamba kukoka ngati ina. M'Chipwitikizi ntchitoyi imatchedwa reprogramação da centralina, ndipo ku South Africa, komwe imachitika kwambiri, amaitcha remap. Nkhaniyi ikukhudzanso eni magalimoto a m'chigawo cha Tete, chifukwa magalimoto onyamula katundu amene amadzaza misewu ya ku Moatize, Angónia ndi Macanga ndi omwewo amene amasinthidwa kwambiri kumeneko. Toyota Hilux imapangidwa ku Durban, Ford Ranger ku Pretoria, ndipo Isuzu D-Max ku Gqeberha.

Amene amagwira ntchitoyi amalonjeza zinthu ziwiri: mphamvu yowonjezeka, kawirikawiri ndi 20 kapena 30 pa 100 alionse, ndiponso kuchepa kwa mafuta amene galimoto imamwa. Lonjezo loyambalo nthawi zambiri limakwaniritsidwa. Lachiwirilo limadalira zinthu zambiri. Palinso zina zimene sizitchulidwa pokambirana mtengo, ndipo zimenezo ndi zimene zimabwera kudzagwera mwini galimoto.

Kakompyuta kamene kamalamula injini

Injini zakale za dizilo, monga za mathirakitala ndi malole amene ambiri anakulira nawo, zinkayendera pampu yachitsulo. Makaniko ankatha kuikonza ndi sipanala, ndipo akafuna mphamvu yambiri ankangopotokola sikuluwu kuti mafuta azilowa ochuluka. Zimenezo zinasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1997 galimoto ya Alfa Romeo 156 inatuluka ndi njira yatsopano yoperekera mafuta yotchedwa common rail, yomwe zipangizo zake zinapangidwa ndi kampani ya Bosch. Lero pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ya dizilo imayendera njira imeneyi.

Mu njirayi, mafuta amasungidwa mu kapaipi kamodzi atapanikizidwa koopsa, mpaka kufika ma bar 2000 kapena kuposa pa injini zambiri zamakono. Kuti munthu amvetse kukula kwa nambalayi, tayala la galimoto limapopedwa ma bar awiri kapena atatu okha. Kuchokera mu kapaipiko mafuta amapita ku mainjekita, omwe amatsegulidwa ndi magetsi. Amene amalamula nthawi yotsegula ndi kutseka ndi kakompyuta kotchedwa centralina, kapena kuti ECU. Makampani amene amapanga timakompyuta timeneti ndi ochepa, monga Bosch ndi Denso.

Centralina imalandira uthenga kuchokera ku masensa omwe ali mbali zosiyanasiyana za injini. Imadziwa liwiro limene injini ikuzungulira, mmene dalaivala wapondera mafuta, kuchuluka kwa mpweya umene ukulowa, kutentha kwa madzi, ndiponso kupanikizika kwa mafuta. Ikatero imayang'ana m'matebulo a manambala amene akatswiri a kampani analemba, omwe amatchedwa mapu. Mapuwa ndi amene amanena kuti pa liwiro lakutilakuti, phazi litaponda chonchi, mafuta alowe ochuluka chonchi, pa mphindi yakutiyakuti, ndipo turbo ikankhe mpweya wochuluka motere. Zonsezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo injekita imodzi imatha kuthira mafuta kangapo pa kuyaka kumodzi.

Kusintha pulogalamu ndiye kulembanso manambala a m'mapuwa.

Mmene ntchitoyi imachitikira

Pansi pa chiwongolero pali pulagi ya timabowo 16 yotchedwa OBD. Ndi yomweyo imene makaniko amalumikizapo makina ofufuzira vuto nyali ya injini ikayaka. Dziko la America linalamula kuti magalimoto onse atsopano akhale nayo kuyambira 1996, ndipo mayiko ena anatsatira pambuyo pake. Wosintha pulogalamu amalumikiza kompyuta yake pamenepo, amakopera pulogalamu yoyambirira, amasintha manambala, kenako n'kuibwezera mu centralina. Pa magalimoto ambiri atsopano opanga anakhoma khomo limeneli, choncho centralina imachotsedwa m'galimoto n'kukaikidwa patebulo, ndipo nthawi zina imatsegulidwa kumene.

Manambala amene amasinthidwa kwambiri ndi anayi: kuchuluka kwa mafuta, nthawi imene mafuta amathiridwa, kupanikizika kwake, ndi mpweya wa turbo. Palinso malire amene kampani inaika kuti mphamvu yokoka isapitirire mlingo wina, ndipo malirewo amakwezedwa.

Ngozi yoyamba ili pa ntchito yeniyeniyo. Pulogalamu ikamalembedwa, batire ya galimoto iyenera kukhala ndi moto wokwanira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Moto ukatsika, kapena chingwe chikachoka pakati pa ntchito, centralina imatha kufa osadzukanso, ndipo galimoto silira. Yatsopano ndi yokwera mtengo, iyenera kuitanitsidwa kutali, ndipo iyeneranso kugwirizanitsidwa ndi makiyi a galimotoyo.

Pali njira inanso, ya kabokosi kamene kamalumikizidwa pakati pa masensa ndi centralina. Kabokosika sikasintha mapu. Kamangonamiza centralina, mwachitsanzo kuiuza kuti mafuta sanapanikizike mokwanira, ndipo iyo imawonjezera. N'kosavuta kuika ndi kuchotsa, koma injini imakhala ikuyendetsedwa ndi uthenga wabodza.

N'chifukwa chiyani opanga amasiya mphamvu ina yosagwiritsidwa ntchito?

Funsoli ndi lomveka. Ngati injini ingathe kutulutsa mphamvu yoposa, bwanji kampani yake siitulutsa yokha?

Yankho ndi lakuti injini imodzi imagulitsidwa m'mayiko ambirimbiri. Injini yomweyo iyenera kugwira ntchito m'chipale cha ku Ulaya ndiponso m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Iyenera kuyenda m'mbali mwa nyanja ku Beira ndiponso kumapiri a ku Angónia ndi Tsangano kumene mpweya ndi wopepuka. Iyenera kupirira mafuta abwino ndi oipa, dalaivala wosamala ndi wosasamala, mwini wosintha oyilo pa nthawi yake ndi wochedwa. Akatswiri a kampani amasiya mpata woti injini ipirire zonsezi kwa zaka zambiri. Wosintha pulogalamu amatenga mphamvu yake mu mpata umenewo. Mphamvuyo ndi yeniyeni, koma imachokera pa chitetezo chimene chinasungidwira masiku ovuta.

Chifukwa china ndi malamulo a utsi. Manambala amene amapereka mphamvu yambiri si amene amapereka utsi woyera, ndiye kampani imasankha pakati. Palinso nkhani ya malonda: makampani ena amagulitsa injini imodzi pa milingo ingapo ya mphamvu, yamphamvu kwambiriyo pa mtengo wokwera.

Chitsanzo chabwino ndi injini ya malita 2.8 ya Toyota Hilux. Itatuluka mu 2015 inali ndi makilowati 130, omwe ndi ma cavalo 177. Mu 2020 kampaniyo inaikweza kufika pa makilowati 150, kapena kuti ma cavalo 204. Osintha mapulogalamu amakonda kutchula zimenezi ngati umboni woti mpata ulipo. Koma Toyota sinangosintha manambala okha. Inaika turbo yokulirapo ndipo inakonzanso njira yoziziritsira injini. Chinanso chofunika kuchiona ndi chakuti pa Hilux ya 2020 yomweyo, ya giya yosintha yokha inapatsidwa mphamvu yokoka ya 500 Nm, pomwe ya giya yamanja inasiyidwa pa 420 Nm. Injini ndi imodzi, koma mlingo wake umatengera zimene zili kumbuyo kwa injiniyo.

Kodi mafuta amachepadi?

Nthawi zina amachepa pang'ono. Galimoto ikamakoka bwino pa liwiro lotsika la injini, dalaivala sasinthasintha magiya pa zitunda, ndipo akamayendetsa modekha akhoza kuona kusiyana. Koma mphamvu ya injini ya dizilo imachokera m'mafuta. Amene akugwiritsa ntchito mphamvu yowonjezerayo akutentha mafuta owonjezera, ndipo ndi madalaivala ochepa amene amalipira ndalama kuti galimoto ikhale yamphamvu kenako n'kumaiyendetsa ngati kale.

Nambala imene imaoneka pa dashibodi siyenera kudaliridwa pambuyo pa ntchitoyi. Galimoto siyeza mafuta amene akudutsa. Imawerengera potengera zimene centralina ikuganiza kuti yathira, ndipo mapu akasinthidwa, kapena kabokosi kakamanamiza masensa, kuwerengako kumatha kusokonekera. Njira yoona ndi yakale ija: kudzaza thanki mpaka pakamwa, kulemba makilomita, kuyenda ulendo wanthawi zonse, kudzazanso pa pampu yomweyo, kenako kugawa malita ndi makilomita. Zimenezi zichitike kangapo ntchito isanachitike ndiponso itachitika. Ulendo umodzi wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè sungapereke yankho, chifukwa popita ndi chitunda ndipo pobwera ndi motsetsereka.

Zimene zimayamba kutopa

Mafuta akachuluka, moto wa m'kati mwa injini umatentha kwambiri. Kutenthako kumagwera mapisitoni, mutu wa injini ndi turbo. Pa galimoto yopanda katundu, yoyenda mumsewu wosalala nyengo yozizira, vutoli mwina silingaoneke kwa nthawi yaitali. Koma magalimoto a m'chigawo chino sagwira ntchito yotero. Amanyamula matumba a mbatata, chimanga, fodya ndi simenti, amakoka ngolo, amakwera zitunda zazitali masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo radiyeta yake nthawi zambiri imakhala yodzaza fumbi ndi udzu. Pamenepa ndi pamene mpata uja umafunika, ndipo ndi pamene umapezeka kuti unatha. Pisitoni yong'aluka kapena mutu wa injini wopindika si zinthu zokonzera pamsewu.

Turbo nayo imavutika kumapiri. Mpweya ukakhala wopepuka, turbo imayenera kuzungulira mofulumira kuti ikankhe mpweya wofanana ndi wa kuchigwa. Ikalamulidwa kukankha woposa pamenepo, imayandikira malire ake.

Pa magalimoto a giya yamanja, chimene chimayamba kudandaula ndi klatchi. Chizindikiro chake n'chodziwika: dalaivala akaponda mafuta ali pa giya yapamwamba, injini imalira kwambiri koma liwiro siliwonjezeka. Pa a giya yosintha yokha, oyilo wa m'bokosi la magiya amatentha kuposa kale ndipo amatha msanga. Mabuleki, matayala ndi masipuling'i sizisintha n'komwe. Galimoto imafika pa liwiro lalikulu mofulumira, koma mtunda umene imafunika kuti iime umakhala womwewo, ndipo m'misewu yodutsa m'misika, momwe muli njinga, ana ndi ziweto, zimenezi si zazing'ono.

Ntchito yochitidwa mosasamala imaonekera ku utsi. Utsi wakuda ndi mafuta amene sanapse bwino chifukwa mpweya unachepa. Mwaye wake umalowanso mu oyilo n'kumadya zitsulo pang'onopang'ono.

Mafuta amene galimoto imamwa

Mu 2017 Mozambique inayamba kugwiritsa ntchito dizilo, kapena kuti gasóleo, wokhala ndi sulufule wochepa, wa 50 ppm. Kumeneku kunali kupita patsogolo kwakukulu, ngakhale ku Ulaya mlingo wake ndi 10 ppm kuyambira 2009. Izi zikutanthauza kuti pulogalamu yolembedwera galimoto ya ku Germany kapena ku Portugal siinalembedwere mafuta a kuno. Ambiri mwa mapulogalamu otchipa ndi mafayilo ogulidwa pa intaneti, amene amaikidwa pa galimoto iliyonse ya mtundu umenewo popanda kuiyeza.

Vuto lalikulu lili kutali ndi mapampu. Dalaivala amene ali kumidzi nthawi zina amagula mafuta a m'zigubu, omwe amatha kukhala ndi madzi, fumbi, kapena kusakanizidwa ndi parafini. Mainjekita a common rail ali ndi timabowo tating'ono kwambiri, ndipo pampu yake imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane. Mafuta oipa amawononga ngakhale injini yosasinthidwa. Kupanikizika kukakwezedwa, kuwonongekako kumafulumira.

Garantiya, inshuwalansi ndi mapepala

Kwa mwini galimoto yatsopano, nkhani yaikulu ndi garantiya. Makampani opanga magalimoto salipira kuwonongeka kwa injini kapena magiya kumene kwabwera chifukwa cha kusintha kosavomerezeka. Ena amalimbikitsa makasitomala kuti pulogalamu yoyambirira ikhoza kubwezeredwa galimoto isanapite ku sevisi, ndipo palibe angadziwe. Zimenezi si zodalirika. Centralina zambiri zimawerenga kuti zalembedwa kangati, zili ndi nambala yotsimikizira ngati pulogalamu ndi yoyambirira, ndipo zimasunga mbiri ya mmene injini yakhala ikugwirira ntchito. Injini ikafa ndipo mwini wake akapempha yatsopano, kampani imayang'ana zimenezi isanatulutse ndalama. Munthu akhoza kupeza kuti ndalama zochepa zimene analipira tsiku limodzi zamutayitsa chitetezo cha zaka zingapo.

Chinanso, galimoto ikapita ku sevisi, ogulitsa ovomerezeka nthawi zina amaika pulogalamu yatsopano yochokera ku kampani. Imeneyi ndi ntchito yosiyana, yokonza zolakwika zimene opanga apeza, ndipo sikhudza garantiya. Koma ikaikidwa imafufuta pulogalamu yosinthidwa ija, ndipo ndalama zimapita pachabe.

Ku inshuwalansi, kapena kuti seguro, mgwirizano umapangidwa potengera galimoto monga inafotokozedwera. Kusintha kumene kampani ya inshuwalansi sinauzidwe kumatha kuyambitsa mkangano pa tsiku la ngozi, nthawi imene mwini galimoto akufuna thandizo kwambiri. Galimoto yogulidwa pa ngongole ya kubanki, ya kampani kapena ya bungwe ili ndi eni ake ena amene ayenera kuvomereza. Pa za livrete ndi kuyezedwa kwa galimoto, ofunika kufunsidwa ntchito isanachitike ndi a INATRO, bungwe loona za magalimoto ndi zoyenda pamsewu. Safunsa anadya phula.

Utsi ndi thanzi la anthu

Nthawi zambiri kusintha pulogalamu kumayendera limodzi ndi kuzimitsa zipangizo zoyeretsa utsi. Zipangizozi ndi zitatu. EGR imabweza utsi wina mu injini kuti moto usatenthe kwambiri, ndipo potero imachepetsa mpweya woipa wotchedwa NOx. DPF ndi sefa imene imagwira mwaye, kenako n'kuutentha pa madigiri pafupifupi 600 galimoto ikamayenda ulendo wautali. Chachitatu ndi AdBlue, madzi okhala ndi yureya amene amathiridwa mu paipi ya utsi. Si magalimoto onse ogulitsidwa kum'mwera kwa Afirika amene ali ndi zitatu zonsezi, koma ambiri obwera kuchokera ku Japan ndi ku Ulaya ali nazo.

DPF imatsekeka pa galimoto imene imangoyenda maulendo aafupi mumzinda, ndipo kuisintha n'kokwera mtengo. N'chifukwa chake ena amaichotsa n'kusintha pulogalamu kuti centralina isadandaule. Galimoto imayenda, koma mwaye wonse umapita mumpweya umene anthu akupuma. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa. Amene amaupuma kwambiri si dalaivala amene watseka magalasi, koma amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, oyendetsa njinga zamoto, otolera ndalama m'ma chapa ndi ana opita kusukulu. Ku Britain, kuyambira 2014, galimoto yochotsedwa DPF imalephera mayeso a chaka ndi chaka.

Kuti pulogalamu yokha ingasinthe kwambiri utsi wa galimoto kunaonekera poyera mu Seputembala 2015, pamene bungwe loona za chilengedwe ku America linaulula kuti kampani ya Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yozindikira nthawi ya mayeso. Pa mayeso utsi unkakhala woyera, koma pamsewu NOx inkafika kuwirikiza 40 kuposa mlingo wololedwa. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamuyo.

Amene watsimikiza mtima kuchita

Sikuti galimoto iliyonse yosinthidwa imawonongeka. Pali akatswiri odziwa ntchito amene amawonjezera mphamvu pang'ono, amasiya malire oteteza injini ali m'malo mwake, ndipo magalimoto awo amayenda zaka zambiri. Kusiyana kwawo ndi ena kumaoneka pa mmene amagwirira ntchito.

Katswiri weniweni amayamba wayeza galimoto ngati ili bwino, chifukwa injini yodwala sichira ndi pulogalamu. Amaiika pa makina oyezera mphamvu asanasinthe ndiponso atasintha, n'kupereka zotsatira zolembedwa. Amayang'ana kutentha kwa utsi galimoto ikukoka mwamphamvu. Amafunsa ntchito imene galimotoyo imagwira ndiponso dera limene imayenda. Amapereka kwa mwini wake kope la pulogalamu yoyambirira, ndipo amalemba papepala zimene wasintha ndi zimene adzachite zinthu zikalakwika. Amene akulonjeza mphamvu yochuluka zedi pa mtengo wotsika, n'kumaliza ntchito m'mphindi zochepa pamalo oimika magalimoto, akungoika fayilo imene sanailembe yekha.

Ntchito ikachitika, oyilo ndi masefa a mafuta ndi mpweya ziyenera kusinthidwa pafupipafupi kuposa kale, radiyeta ikhale yoyera, ndipo pambuyo pa ulendo wautali injini isiyidwe ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe kuti turbo izizire.

Wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito nayenso ayenera kufunsa ngati pulogalamu inasinthidwa. Utsi wakuda poponda mafuta, klatchi yoterereka pa galimoto ya makilomita ochepa, zizindikiro zoti centralina inatsegulidwapo, kapena paipi ya utsi yodulidwa n'kuwotchereredwanso, zonsezi ndi zifukwa zopitira nayo kwa makaniko wokhala ndi makina ofufuzira ndalama zisanaperekedwe.

Kwa amene galimoto yake idakali pa garantiya, njira yotetezeka ndi kudikira kuti nthawiyo ithe. Ndipo ngati galimoto ikuoneka yofooka pa ntchito imene inagulidwira, ndi bwino kuyamba ndi zinthu wamba: sefa ya mpweya yodzaza fumbi, sefa ya mafuta yotsekeka, matayala osapopedwa mokwanira, kapena katundu woposa mlingo wolembedwa mu livrete.